Mwana wanga wapatsidwa ziro ati wakopera, chonsecho analemba yekha

NaPhiri_Indiana
Abale ndithandizeni nzeru, mutu waima. Mwana wanga wamkazi ali grade 11 kuno ku Indiana, ku kalasi ya English anawapatsa research paper ya masamba sikisi, aliyense asankhe munthu wa m'mbiri yakale amene anamenyera ufulu wa anthu ake. Iye anasankha John Chilembwe, ine mtima unachita kuti myaa kuona mwana wobadwira kuno akufuna kudziwa za kwathu. Wakhala milungu itatu pa tebulo la kukhitchini ndi mabuku awiri a ku library ndi laputopu, ndikamachokera ku shifiti ya usiku ndimamupeza akadali maso tiyi atazizira m'kapu. Dzulo wabwera maso ali psuu, ticha wamupatsa ziro ndipo walemba pamwamba kuti plagiarism, akuti akonze pofika Lolemba apo ayi ziroyo ikhala. Ine pepalalo ndaliwerenga lonse, ndi Chingerezi chake chomwe ndimachidziwa, palibe chimene anakopera. Kumapeto anaikanso mayina a mabuku amene anawerenga. Ndiye waba chiyani? Ndipite ndikaonane ndi tichayu kapena pali chimene ife sitikumvetsa?

Mjomba_wa_kuJoni
Pitani mawa lomwe achemwali. Pali aphunzitsi ena akangoona mwana wathu walemba zakupsa amayamba kukayika kuti sanalembe yekha. Musalole mwana aphedwe mtima.

TichaWopuma_Zomba
Tisathamangire kumanga mlandu tisanaone pepala. Mayi, ndifunse chimodzi. Mkati mwa ndime zake, pamene wanena zaka kapena zimene zinachitika, kodi kumapeto kwa chiganizo waika dzina la wolemba buku ndi nambala ya tsamba m'mabulaketi? Kapena mayina a mabuku ali kumapeto kokha?

NaPhiri_Indiana
A Ticha, waika malo awiri okha, pamene anatenga mawu enieni a m'buku n'kuwaika m'mitengero. Kwina konse anafotokoza m'mawu ake ndiye anati palibe chifukwa.

TichaWopuma_Zomba
Ndiye vuto lili pomwepo mayi, ndipo ana ambiri amagwa pa mwala womwewu. Iwo amaganiza kuti kuba ndi kukopera mawu basi. Koma kusukulu za kumeneko amawerengera mfundo yomwe. Ukawerenga m'buku kuti Chilembwe anakwiya ndi thangata la pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, iwe n'kuzinena m'Chingerezi chako, mawuwo ndi ako zoona koma nzeruyo unaitenga kwa munthu amene anatha zaka akufufuza, ndiye uyenera kumutchula pomwepo pamene waigwiritsa ntchito. Mndandanda wa kumapeto pawokha sukwanira chifukwa wowerenga sangadziwe kuti mfundo iti yachokera m'buku liti, tsamba liti.

M'makalasi a English ku America kawirikawiri amatsata kalembedwe ka MLA, ka bungwe la Modern Language Association, ndipo buku lawo la malamulo panopa lili pa edition ya 9 imene inatuluka mu 2021. Lamulo la mkati mwa ndime ndi lophweka: dzina la bambo la wolemba, kenako nambala ya tsamba, popanda mpatuliro pakati. Tiyerekeze wolemba ndi Phiri ndipo mfundo ili pa tsamba 45, ndiye kumapeto kwa chiganizo kubwera (Phiri 45) kenako mpumiro kunja kwa bulaketi. Ngati dzina la wolemba walitchula kale m'chiganizomo, m'bulaketi mulowa nambala yokha (45). Tichayo sanalakwe, ndipo pomupatsa mpaka Lolemba wamuchitira chifundo, ena satero.

Mjomba_wa_kuJoni
Koma a Ticha tiyeni tinene zoona. Nkhani ya Chilembwe ndi yathu, timaidziwa kuyambira ku pulayimale, pa 15 Januwale timapuma tchuthi, nkhope yake ili pa K500. Ndiye mwana wa Mmalawi azipempha chilolezo kwa mzungu wolemba buku kuti anene za agogo ake?

Chemwali_waLeeds
A Mjomba si kupempha chilolezo ayi. Ndi kuloza njira. Amene akuwerenga ndi ticha wa ku Indiana, mwina dzina la Chilembwe walimva koyamba pa pepala lomweli. Akafuna kutsimikiza kuti zoona munthuyu anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth n'kukaphunzira ku Lynchburg ku Virginia, akaziona kuti? Mwanayo akaika tsamba ndiye kuti wamuuza kuti pitani apa mukadzionere nokha.

TichaWopuma_Zomba
Funso la a Mjomba si lopanda pake. Malamulo omwewa amavomereza kuti pali zinthu zodziwika kwa aliyense zimene sizifuna kutchula gwero, amati common knowledge. Kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse inayamba mu 1914, kapena kuti Malawi inalandira ufulu mu 1964, zimenezo ungolemba. Koma chodziwika kwa aliyense chimatengera kuti aliyenseyo ndi ndani. Ku Chiradzulu mwana aliyense akudziwa kuti PIM, mishoni ya Chilembwe, ili ku Mbombwe. Ku Indiana ayi. Ine ana anga ndinkawauza kuti ngati chinthucho unachita kutsegula buku kuti uchidziwe, tchula bukulo. Ukakayika, tchulabe. Palibe amene analephera mayeso chifukwa chotchula gwero mopitirira.

Bambo_aTwins_Texas
Apo pomaliza nditsutseko pang'ono a Ticha. Mnyamata wanga chaka chatha anachita mantha ngati omwewa ndiye anaika bulaketi pa chiganizo chilichonse, ticha anamuchotsera malikisi n'kulemba kuti nanga maganizo ako ali kuti. Pepala lonse linangokhala ngati mulu wa njerwa za eni popanda matope ake. Research paper amafuna mwana akhale ndi mfundo yakeyake imene akuiteteza, mabuku angobwera ngati mboni.

TichaWopuma_Zomba
Zoona bambo, ndavomera. Koma onani kuti amene anachotseredwa malikisi ndi amene anapatsidwa ziro ya plagiarism milandu yawo ndi yosiyana kukula.

NaPhiri_Indiana
Ndikumva tsopano, ngakhale mtima ukuwawabe. Koma pali china. Zambiri za m'ndime yoyamba anamuuza ndi bambo ake, komanso anaimbira agogo ake kumudzi pa WhatsApp, iwo anakulira kufupi ndi ku mishoni ndipo anamufotokozera zimene ankamva kwa makolo awo za usiku umene zinthu zinavuta. Zimenezo zilibe buku, zilibe tsamba. Azichotse?

Mphunzitsi_waELA_Maryland
Asachotse mayi, chonde asachotse!! Ine ndimaphunzitsa English ku middle school kuno, ndipo mwana akandibweretsera mawu a agogo ake ndimasangalala kuposa masamba khumi a pa intaneti. MLA imalola kutchula munthu amene wacheza naye. Ku Works Cited, mndandanda wa magwero wa kumapeto uja, alembe dzina la agogowo kuyambira la bambo, kenako asonyeze kuti kunali kucheza kwa mafunso, amene anafunsa ndi iyeyo, ndi tsiku limene anaimba foni. Tsikulo aliona mu WhatsApp momwemo. Mkati mwa ndime angonena kuti malinga ndi agogo anga, n'kutchula dzina, nambala ya tsamba palibe chifukwa kulibe tsamba. Chofunika asiyanitse bwino kuti izi ndi zimene banja limakumbukira, izi ndi zimene ofufuza analemba. Zikasemphana anene poyera kuti zikusemphana, pamenepo ndi pamene pepala limakoma.

Za bambo ake zili pawiri. Ngati anamuuza zaka ndi mayina zimene iwonso anaphunzira kusukulu, bola akazipeze m'buku n'kutchula bukulo. Mwachitsanzo kuti kuukira kunayamba pa 23 Januwale 1915 ndipo Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale, zimenezo zili m'mabuku ake omwewo.

Gogo_Nasimango
Ife kale ukamanena mwambi unkayamba ndi kuti akuluakulu anati. Ukamanena nkhani ya maliro unkati ndamva kwa auje. Munthu wonena za eni ngati zake tinkamuona wopanda mwambo. Ndiye ine sindikuona chachilendo apa, kungoti awa amafuna ndi nambala yomwe.

Chemwali_waLeeds
Agogo mwalasa. Koma ndinenenso kuti ife sukulu yathu inatizoloweza zina. Pa MSCE tinkaloweza manotsi a aphunzitsi mmene alili, ukawabweza ndendende pa mayeso ndiye wakhoza bwino, palibe amene anatifunsapo kuti wazitenga kuti. Ine nditafika kuno kudzachita nursing assignment yanga yoyamba inabwerera, anandiitana mu ofesi, ndinatuluka thukuta m'nyengo yozizira osadziwa kuti ndalakwa chiyani. Ndinali mayi wa ana awiri kale. Ndiye mwana wa zaka 16 akaphunzira izi lero ndi mwayi wake, ku koleji safunsa kawiri.

Kabaza_Boy265
MSCE yake iti, ife History tinkalemba za Chilembwe ndi Mfecane popanda bulaketi ndipo tinakhoza

Chemwali_waLeeds
Mayeso a mu holo ndi nkhani ina achimwene, mulibe buku m'manja ndiye sangakufunseni tsamba. Apa tikunena pepala lolembera kunyumba milungu itatu mabuku ali pambali.

Ankolo_aku_Croydon
Poti mwatchula Chilembwe, alipo anapita kukaona chiboliboli chake chija ku Trafalgar Square ku London? Anachiika mu 2022, anachipanga ndi Samson Kambalu, Chilembwe wavala chipewa ataima ndi mmishonale John Chorley koma iyeyo ndiye wamkulu kutalika. Ine ndinatenga ana anga, ndinalephera kuyankhula kwa kanthawi. Nthawi ya atsamunda munthu wakuda kuvala chipewa pamaso pa mzungu unali mlandu. Mayi muuzeni mwana aikemo zimenezi.

Mjomba_wa_kuJoni
Chimenecho ndiye chinafunika chibwere kumudzi chikaime ku Chiradzulu.

Ankolo_aku_Croydon
Pamalo paja amasinthasintha, sichikhalitsa chimodzi. Koma zoti chibwere kwathu ndikugwirizana nanu.

Mphunzitsi_waELA_Maryland
Tibwerere kwa mwana poti Lolemba silili kutali. Ankolo, akafuna kuika za chibolibolicho ndi bwino, koma ndiye apeze nkhani ya m'nyuzipepala yodalirika n'kuitchula. Zinthu za pa intaneti nthawi zambiri zilibe masamba, ndiye m'bulaketi mulowa dzina la wolemba lokha. Ngati wolemba sanatchulidwe, aika mawu oyamba a mutu wa nkhaniyo m'mitengero. Asapeke nambala ya tsamba, asawerengenso yekha ndime n'kuika nambala.

Tsamba lomaliza mutu wake ndi Works Cited, pakati pamwamba, ndipo mulowa zokhazo zimene wazitchula mkati mwa pepala, osati chilichonse chimene anawerenga. Zimasanjidwa motsata alifabeti. Mzere woyamba umayambira kumphepete, mizere yotsatira imalowa mkati theka la inchi, amati hanging indent, mu Google Docs ndi mu Word zilimo kale asavutike ndi kudinadina space. Kuyambira edition ya 8 ya 2016 anasiya zoti mtundu uliwonse wa gwero ukhale ndi lamulo lakelake, pali ndondomeko imodzi: wolemba, mutu, chimene chasunga nkhaniyo monga nyuzipepala kapena webusaiti, osindikiza, chaka, ndi pamene chikupezeka monga masamba kapena linki. Chimene palibe umangodumpha. Mzinda umene buku linasindikizidwa sufunikanso pa mabuku ambiri, makolo amene tinaphunzira kale timakakamiza ana kuika London kapena New York chonsecho zinasintha.

NaPhiri_Indiana
Buku lalikulu limene akugwiritsa ntchito ndi Independent African, olemba ndi awiri, George Shepperson ndi Thomas Price. Aika dzina la ndani? Komanso muli kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu 1914 yodandaula zoti anthu akuda akukafa pa nkhondo ya eni, mwana anatengamo mawu. Pamenepo atchule Chilembwe kapena olemba buku?

Mphunzitsi_waELA_Maryland
Wasankha buku labwino, la 1958, osindikiza Edinburgh University Press. Olemba akakhala awiri m'bulaketi mulowa mayina onse awiri kenako tsamba. Akakhala atatu kapena kuposa ndi pamene umalemba woyamba yekha n'kuwonjezera et al., kutanthauza kuti ndi ena. Ku Works Cited woyamba yekha ndiye amatembenuzidwa kuyamba ndi dzina la bambo, wachiwiri amalembedwa mmene amaitanidwira, mutu wa buku mopendeketsa, ndipo University Press amafupikitsa kuti UP.

Za kalatayo, m'chiganizo anene kuti mawuwa ndi a Chilembwe, koma poti iye sanaone nyuzipepala yeniyeniyo, m'bulaketi ayambe ndi qtd. in kenako mayina a olemba buku ndi tsamba. Kutanthauza kuti ndawapeza atagwidwa m'buku ili. Ndipo ngati mawu wagwirawo apitirira mizere inayi, amawaika paokha molowa mkati popanda mitengero.

Dokotala_waMabuku_PTA
Ndiwonjeze chimodzi chimene sichinanenedwe, ndipo mayi muchione ndi maso anu. Mwati analemba m'mawu ake. Tengani ndime imodzi ya mwana, tsegulani buku pa tsamba limene anawerenga, muziike pambali. Ana ambiri amasiya chiganizo cha wolemba mmene chilili n'kungosintha mawu atatu anayi, pamene panali angry aika furious, mafupa a chiganizo ali omwewo. Zimenezo ngakhale uike bulaketi ena amaziwerengabe ngati kukopera. Njira imene ndimauza ophunzira anga kuno ku Pretoria ndi yoti werenga ndime, tseka buku, fotokozera munthu pakamwa ngati ukumuuza nkhani, kenako lemba zimene wanenazo, ukatero tsegula buku uone ngati sunapotoze. Mwana wanuyo ali ndi mwayi woti angakufotokozereni m'Chichewa kaye kenako n'kulemba m'Chingerezi, chiganizo cha wolemba chimathyoka chokha.

Ndipo asasokonezeke ndi zimene aone kwa azibale ake a ku yunivesite. Kuno ndi ku UK ambiri timatsata Harvard, a nursing ndi psychology amatsata APA, zonsezi zimaika dzina ndi chaka, ngati (Phiri, 2019). A History amakonda Chicago ya manambala a m'munsi mwa tsamba. MLA mkati mwa ndime safuna chaka. Aone pa pepala la malangizo limene ticha anapereka, limanena kuti atsate iti.

Kabaza_Boy265
Bwanji osangouza AI imukonzere zonse, 5 minutes zatha

Dokotala_waMabuku_PTA
Ayi ndithu achimwene, pamenepo ndiye angapse kawiri. Zinthu zimenezi zimatha kupeka buku loti kulibe, dzina looneka bwino, chaka, tsamba, zonse zabodza. Mu 2023 maloya ena ku New York anapereka kukhoti milandu yakale imene ChatGPT inangopeka, woweruza anawalipiritsa madola 5,000. Amenewo ndi maloya. Ine chaka chino ndagwira ophunzira angapo ndi nkhani yomweyi, ndikafufuza nkhani imene atchula osaipeza paliponse. Komanso AI singadziwe kuti mwanayu mfundo yake anaiwerenga pa tsamba liti la buku limene lili pa tebulo la mayi ake. Ngati akufuna chomuthandiza kusanja, Zotero ndi yaulere, ndipo zitsanzo za MLA zili pa Purdue OWL, ya yunivesite ya Purdue ku Indiana komweko, aphunzitsi ambiri amatumiza ana kumeneko. Koma chilichonse chimene makina atulutsa achiyerekeze ndi buku lenileni.

Bambo_aTwins_Texas
Funso langa mayi, ticha anaona yekha kapena ndi pulogalamu ija yofufuza zofanana? Chifukwa anyamata anga amanjenjemera ndi peresenti imene imatuluka.

NaPhiri_Indiana
Anaona yekha, wazunguliza ndime zisanu ndi cholembera n'kulemba pambali kuti source? source? Pa pulogalamuyo akuti peresenti inali yochepa, n'chifukwa chake mwana anadabwa kwambiri.

Mphunzitsi_waELA_Maryland
Ndiye mwaona. Mapulogalamu ngati Turnitin amangoonetsa mawu amene akufanana ndi zolembedwa zina, sanena kuti uyu waba kapena sanabe. Pepala lotchula bwino magwero litha kukhala ndi peresenti yokwera chifukwa cha mawu ogwidwa ndi Works Cited, pomwe lotenga mfundo za eni mwakachetechete litha kutuluka ndi yotsika. Woweruza ndi mphunzitsi. Ndipo ticha amene wazunguliza ndime n'kufunsa source ndiye kuti wawerenga pepala lonse mofatsa, wamulozeranso pokonza.

Mjomba_wa_kuJoni
Chabwino ndamva, koma ine mawu oti plagiarism pa mwana amene sanafune kuba akundiwawabe. Akanalemba kuti wayiwala kutchula mabuku. Mawu amenewa amamatirira munthu.

Chemwali_waLeeds
Apo a Mjomba ndili nanu. Mayi mukapita musakapite ndi nkhondo, koma mukafunse ngati zalembedwa mu rekodi ya mwana kapena zathera m'kalasi momwemo, poti chaka chamawa ayamba kufunsira malo ku makoleji ndipo aphunzitsi omwewa ndi amene amalemba makalata omuchitira umboni. Mwanayo akatenge manotsi ake ndi mabuku, aonetse kuti ntchito anagwira. Mu Google Docs muli version history imene imaonetsa tsiku ndi tsiku mmene pepala linkakulira.

Mlongo_waku_Chipata
Nanga Wikipedia amaloledwa? Wanga amayambira pomwepo nthawi zonse.

TichaWopuma_Zomba
Kuyambira pamenepo si tchimo, koma aphunzitsi ambiri salola kuti ikhale gwero lotchulidwa. Atsike kumunsi kwa nkhaniyo aone mabuku amene atchulidwa, akapeze amenewo, awerenge yekha, atchule amenewo. Asatchule buku limene sanalitsegule chifukwa choti waliona pa mndandanda wa wina.

NaPhiri_Indiana
Abale ndabweranso. Loweruka lonse tinakhala pa tebulo lija, iye ndi pepala ine ndi buku, akawerenga chiganizo ndimamufunsa kuti ichi wachitenga kuti, iye n'kusakasaka tsamba. Zina anazipeza msanga poti anamata timapepala tachikasu m'bukumo, koma mfundo ziwiri tinasaka mpaka madzulo osazipeza, kaya anaziona pa webusaiti iti sakukumbukanso, ndiye wazichotsa ngakhale zimamukomera. Zimene ananena a Dokotala zinapezekadi, ndime imodzi ya za thangata inali yofanana kwambiri ndi ya m'buku, anandifotokozera m'Chichewa chake chothyokathyoka kenako analembanso. Agogo ake alowa mu Works Cited, tinawaimbira kuwauza kuti dzina lawo lili pa pepala la sukulu ku America, anangoti zikomo kwambiri kenako chete, ndinamva kuti akulira.

Lero ndinapita naye kusukulu tisanayambe ntchito. Tichayo anatilandira bwino, wati sizinapite ku ofesi, zathera kwa iye, ndipo aliwerenganso koma malikisi sangafike onse chifukwa ndi lobwereza. Wafunsanso ngati angasunge kope poti za Chilembwe sankazidziwa.

Mjomba_wa_kuJoni
Bola pamenepo. Mumupatse moni mwanayo, mumuuze amalume ake a ku Joni akufuna awerenge nawo.

Mlongo_waku_Chipata
A Mphunzitsi a ku Maryland musachoke, wanga akufunsa za vidiyo ya pa YouTube, poti ilibe tsamba m'bulaketi aika chiyani?

Mphunzitsi_waELA_Maryland
Aika nthawi imene mawuwo akumveka, maola, mphindi ndi masekondi, ngati 00:04:15, pambuyo pa dzina la amene anapanga vidiyoyo kapena mutu wake. Munditumizire ku inbox pepala la malangizo limene anapatsidwa ndione ngati ticha wake amalola mavidiyo.